Nyongolotsi za m'nyanja pa chikamwini

Mpaka lero, kumudzi kwa mkazi wanga munthu akangotchula Beira, anthu amayamba ayang'ana kumene ndakhala ine, kenako n'kusekera kumbali. Amalume ake a mkazi wanga, aZakeyo, anasiya kundipatsa moni wa dzanja. Amangogwedeza chipewa pang'ono ngati akuingitsa ntchentche. Nkhaniyi ndinkafuna ife yokha, koma poti ena ayamba kuikhotetsa (ndamva kuti pa msika akuti ndinkaweta njoka kuchipinda), bola ndiinene ndekha mwini wake.

Ine ndine mphunzitsi wa biyolojiya pa sikola ina ya sekundariya cha kufupi ndi Furancungo. Kwathu ndi ku Tsangano, koma ndinakwatira kuno ndipo ndili pa chikamwini. Ntchito yanga panthawiyo inali ya kontaratu, ija amakulembera chaka chimodzichimodzi, chaka chikamatha mtima uli m'mwamba.

Tsiku limene zinayambira ndinkaphunzitsa za nyongolotsi, adirektori atakhala kumbuyo kudzaonerera. Ndinafotokoza ndi mtima wonse kuti pansi pa nyanja ya mchere pali nyongolotsi zamitundumitundu zokhala ndi timinga m'mbali, ndipo sizikhala mwachisawawa ayi. Malo ndi amene amasankha yokhalapo: kaya ndi pamchenga kapena pamatope, mchere wake ndi wochuluka bwanji, madzi ndi ofunda kapena ozizira, mpweya ulipo kapena ayi. Ndinajambula imodzi pakwaduru ndi choko. Inaoneka ngati chipeso chothyoka mano, koma ndinapitirira.

Mtsikana wina wa kutsogolo, Selina, anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, inuyo nyongolotsi zimenezi munazionapo ndi maso anu?"

"Ayi, koma m'buku..."

"Nanga nyanjayo munaionapo?"

Sindinali nditaionapo. Kalasi yonse inagwa nacho chiseko, ena mpaka kumenya madesiki. Titatuluka, adirektori anandiitanira pambali. "Kolega, mphunzitsi mnzanga, mumadziwa zinthu, koma ana aja sanakukhulupirireni. Mukabwerako ku seminaliyo ya ku Beira, msonkhano wa aphunzitsi uja, ndidzabweranso m'kalasi mwanu Lachisanu lotsatira. Zimene ndidzaone tsiku limenelo ndi zomwe ndidzalembe za kontaratu yanu."

Munthu wanzeru akanangoti zikomo. Ine ndinati, "Ndidzabwera nazo zamoyo." Palibe anandipempha zimenezo. Ndinabwereranso m'kalasi kukalonjeza pamaso pa Selina yemweyo.

Ku Beira ndinafunafuna mnzanga Amade, amene tinaphunzira limodzi za uphunzitsi koma iye anakathera kogwira ntchito yofufuza zamoyo za m'nyanja. Anaseka mpaka misozi, koma anavomera. Seminaliyo itatha, tinapita kugombe madzi ataphwa. (Za mmene ndinachitira nditaiona nyanja koyamba sindinena. Ndingoti ndinavula nsapato ngati ndikulowa m'nyumba ya eni.)

Tinakumba malo atatu. Pamchenga woyera pomwe mafunde amatsukapo tinapeza zoyera, zazitali, zothamanga, zikungolowa pansi ngati singano m'nsalu. Kumathiriro a mtsinje, pamatope akuda onunkha ngati dzira lovunda, tinapeza zofiirira, zonenepa, zambirimbiri. "Izi ndi zopirira," anatero Amade. "Pano mchere umakwera ndi kutsika tsiku lililonse, mpweya ndi wochepa, zinzake sizingakhalepo." Kenako pa miyala anasema kachidutswa komwe panamatirira kachubu ngati kabango, nyumba ya nyongolotsi ina. Anakaika m'botolo la madzi n'kundiuza kuti ndidikire osagwedezeka. Pang'onopang'ono, pamwamba pa kabangoko panatuluka ngala yofiira ndi yoyera, n'kutambasuka ngati duwa. Nditangosuntha chala, inabwerera m'kati, phethi!

Abale anga, ndinaiwala kuti ndine munthu wamkulu. Ndinakuwa. Ndinadziwa pomwepo kuti kameneka Selina akakaona, nkhani yatha.

Amade anandipatsa zidebe zitatu ndi chigubu chachikulu chodzaza madzi a m'nyanja. Malamulo ake anali ochepa. Kusintha madzi tsiku lililonse. Osaziika padzuwa. Osazisiya zizizidwe. Ndipo koposa zonse, osathiramo madzi a pamjigo. "Makamaka ya kabangoyi ndi zamchengazi. Mchere ukachepa, zimafufuma n'kufa."

Ulendo wake unali wa mtanda. M'mashimbombo a ku Tete, basi yaikulu ija, ndinafukata zidebe pamiyendo ngati mwana wodwala, ndikuzikupiza ndi chipewa chifukwa Tete mukumudziwa kutentha kwake. Koma zinafika zamoyo. Ndinalakwitsira m'shapa, kaminibasi ka ku Furancungo. Mayi wina amene anakhala pambali panga anagogoda chigubu ndi chala.

"Ndi mafuta ophikira awa, bambo?"

Ine ndi matama anga: "Ayi mayi, awa ndi madzi a m'nyanja ya mchere. Ndatunga ndekha ku Beira."

Shapa yonse inatembenuka kundiyang'ana. Kenako ndinaona mayi uja akutulutsa foni pachitenje. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga sunanditsate, unachita kunditsogolera. Pamene mota, njinga yamoto, inkanditsitsa pakhomo, panali patakhala kale anthu pakhonde, aliyense ndi galafa lake, botolo lodzatungira madziwo.

Amene si a kuno ndikuuzeni. Kwathu kuno, kutali ndi nyanja chonchi, madzi a m'nyanja ya mchere ndi chinthu chachikulu. Ena amawaza m'nyumba kuchotsa minyama, ena amathira m'madzi osamba, ena amapita nawo kukawapempherera. Ine wa biyolojiya ndinali nditaiwaliratu zimenezi, mutu uli pa nyongolotsi.

Woyamba kupempha anali apongozi anga aakazi. Monga mwa mwambo, sanalankhule nane. Chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo sitinayang'anizanepo kumaso. Tikakumana panjira ndimapatukira m'udzu, ndipo mawu athu onse amadzera mwa mkazi wanga, Rozina. Ndiye Rozina analowa n'kuti, "Amayi akuti miyendo yawo ija yawavuta chaka chino. Akuti galafa limodzi lokha."

Mkamwini angakane? Ndinadzaza galafa lalikulu, mtima ukuwawa.

Atangochoka, anafika aZakeyo, mwini mbumba, amene anandipatsa malo omangapo nyumba ndi munda womwe timadya. Fodya wawo anali atabwezedwa kumsika, ndipo ankafuna owaza m'chigafa. Ndinathira. Kunabwera mayi wa mwana wolira usiku. Kunabwera mkulu wa mpingo wina ndi mkanjo wake. Kunabwera ngakhale wophunzitsa timu ya mpira ya m'mudzi, akuti zigoli zawo zinamangidwa. Ndinayesa kufotokoza kuti madziwa ndi a nyongolotsi za kusikola.

"Nyongolotsi?" anatero mkulu wa mpingo uja. "Aphunzitsi, mukufuna kumana anthu kuti mumwetse nyongolotsi?"

Ndinathira. Pofika madzulo chigubu chinali pakati, ndipo Lachisanu linali lidakali kutali.

Apa ndi pamene ndinamanga mtima. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Ndinati zivute zitani, nyongolotsi izi zikafika m'kalasi zikupuma. Ndinatenga chigubu china, ndinatunga madzi pamjigo, ndinasungunuliramo mchere wa pamsika, n'kuponyamo kamchenga ka m'chidebe kuti azioneka a kutali. Chimenechi ndinachiika pakhonde. Chenicheni ndinachibisa kuchipinda, kuseri kwa matumba a chimanga. Aliyense wobwera ndinkamuthirira cha pakhonde ndi nkhope yachifundo, osawerengera n'komwe. AZakeyo atabweranso kuti oyamba aja anathera mbali imodzi ya chigafa, ndinawadzazira magalafa awiri. Anandiyamikira kuti mkamwini uyu ndi wa dzanja lotambasuka. (Inde, ndikudziwa. Musandiyang'ane choncho.)

Kenako kunabwera vuto la chisanu. Inali miyezi ija mame amauma pa udzu, madzi a mumtsuko n'kumaluma mano. Nyongolotsi za ku Beira sizinaonepo zoterozo. Ndinazipeza m'mawa zitangoti lambalala. Ndinalowetsa zidebe kuchipinda, ndinazifunditsa gombeza lathu lalikulu, n'kuika mbaula chapatali. Fungo la matope akuda litakumana ndi kutentha, chipinda chinasanduka china chake.

"Bambo a Tadala," anatero Rozina atagwira mphuno, "ine ndinakwatiwa ndi munthu mmodzi. Awa ena abwera ndi ankhoswe awo?"

"Pirira mpaka Lachisanu, mayi. Ndi kontaratu imeneyi."

"Kontaratu yafunda gombeza, ine ndafunda chitenje."

Koma anapirira, ndimuyamikire pamenepo. Ine tsiku lililonse ndisanapite kusikola ndinkasintha madzi mosamala, ndipo chinkandisangalatsa n'chakuti chigubu chobisika chija sichinkatsika msanga. Ndinkati ndine katswiri wosunga zinthu.

Lachitatu ndinapeza zamchenga zija zitafufuma, zitayera mbuu, zikuyenda ngati zaledzera. Ya kabango inali itasiya kutulutsa ngala yake. Zamatope zokha ndi zomwe zinkangodzikumbira ngati palibe chachitika. Ndinaganiza za chisanu, ndinaganiza za mbaula. Kenako chinachake chinandiuza kuti ndilawe madzi a m'chigubu chobisika. Ndinaviika chala, n'kuika pa lilime. Anali ngati ndiwo za munthu amene adokotala anamuletsa mchere.

"Rozina!"

Anabwera akupukuta manja. Atangoona chala changa ndi chigubu, anayang'ana kudenga.

"Amayi a kumpingo kwathu ankabwera inu muli kusikola," anayamba motsitsa. "Cha pakhonde chinkatha msanga. Ndiye nditapeza ichi posesa, ndinati mwina mwangosungira. Ndinkawapatsako pang'ono, n'kuthiramo a pamjigo kuti mzere usatsike, mungakhumudwe."

"Kangati?"

"Ee, nanga ndinkawerenga?"

Ndinakhala pansi pa thumba la chimanga. "Mayi, awa ndiye anali enieni. A pakhonde aja ndi a pamjigo, ndinathiramo mchere ndekha."

Rozina anasiya kupukuta manja. "Mukuti amalume anga munawapatsa mchere wa pamsika?"

"Oyamba anali enieni."

"Amalume anga. Mwini munda. Mchere wophikira nyemba."

Tinapezeka kuti m'nyumba imodzi tinali akuba awiri, aliyense akuthirira mnzake madzi a pamjigo. Madzi akatayika saoleka, koma ine sindinafune kumva mwambi tsiku limenelo. Ndinathamangira kukhitchini, ndinatapa mchere wodzaza dzanja, n'kuthira m'chidebe cha zamchenga kuti ndibwezeretse. Sindinayeze, ndinalibe choyezera. Zinadzipinda kamodzi, n'kuuma gwa. Ndinaziphera ndekha ndi chikondi.

Ndinaimbira Amade. Atamaliza kuseka (munthu uyu amaseka kwambiri) anati, "Zamatope zisiye, zimenezo ngakhale uzithire tiyi zikhala. Ya kabango mwina ikadali moyo, yangodzitsekera. Usayese za mchere wako. Ipezere madzi enieni, ngakhale galafa limodzi, uisinthire pang'onopang'ono."

Galafa limodzi. Ndinayamba kuwerengera m'mutu amene analandira enieni tsiku loyamba. A chigafa anawaza. A mpira anawaza pagolo. A mwana anasambitsa. Rozina ndiye anati, mawu ali pansi, "Amayi sanatsegule lawo. Akuti akudikira Lamulungu kuti akalipempherere kaye."

Inu amene munakhalapo pa chikamwini, tangoganizani. Kukalanda mphatso kwa apongozi. Mankhwala a miyendo yawo. Kuti ukapatse nyongolotsi. Rozina anati iye sapita yekha, mawu amenewo ndikawanene ndili pomwepo. Ndinavala jekete la ukwati, Lachinayi m'mamawa, n'kupita.

Apongozi anali pakhonde akuwothera dzuwa, miyendo yotupa ija atatambasula pamphasa. Ine ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumunda. Rozina anakhala pakati. Tonse tinkamvana bwinobwino, koma mwambo ndi mwambo.

"Uwauze amayi kuti ndabwera ndi manyazi."

"Akuti abwera ndi manyazi."

"Uwafunse kuti manyaziwo ndi a chiyani," anatero apongozi.

Ndinafotokoza zonse: za Selina, za adirektori, za kontaratu, za kanyama kokhala m'kabango kamene sikangapume m'madzi a kuno. Rozina ankabwereza chiganizo chilichonse, ndipo sindikudziwa chifukwa chake ankakweza mawu kuposa ine.

"Uwafunse," anatero apongozi, "chigubu chili pakhonde pawo chija chatha?"

Panalibe kothawira. "Uwauze kuti cha pakhonde ndi madzi a pamjigo ndi mchere wa pamsika."

"AKUTI CHA PAKHONDE NDI MADZI A PAMJIGO NDI MCHERE WA PAMSIKA!"

Chitseko cha nyumba ya apongozi chinalira. Ndinaona nsapato ziwiri zikutuluka, ndipo ndinazidziwa. AZakeyo anali m'katimo nthawi yonseyi, akumwa tiyi ndi mbatata. Anali atabwera kudzauza mlongo wawo kuti fodya uja wagulidwa bwino dzulo lake, ndiponso kuti akufuna kukanena mawu othokoza mkamwini pamaso pa anthu.

Anaima, mbatata ili m'manja. "Mchere wa pamsika," anatero. Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Ine ndagwada m'chigafa, ndikuwaza, ana akundiona. Mchere wa nyemba."

Ndinafuna kunena kuti koma fodya wagulidwa, malume. Mulungu anandigwira pakamwa. AZakeyo anavala chipewa n'kutuluka pa mpanda, ndipo pofika masana nkhani inali itafika mpaka ku Chidzolomondo.

Ndinatsala chinjutire, ndikudziwa kuti ndataya zonse ziwiri, mudzi ndi ntchito. Kenako ndinamva apongozi akudzuka movutikira, akubuula ndi miyendo ija, akulowa m'nyumba. Anatuluka n'kuika chinthu pansi. Rozina anabwera nacho kuseri kwa nkhokwe. Linali galafa lija, lokulungidwa m'kansalu koyera, chitsekerero chake chosakhudzidwa.

"Akuti ana awo amadya kontaratu imeneyo," anatero Rozina, ndipo apa sanakweze mawu. "Akuti miyendo yawo inazolowera."

Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ine ndinkadziwa kuti madziwo sachiza miyendo. Koma iwo ankakhulupirira kuti achira nawo, ndipo anandipatsa.

Tsiku lonselo ndinasintha madzi a kabango pang'onopang'ono monga ananenera Amade. Sikanatuluke. Lachisanu ndinanyamula zidebe zonse zitatu, ngakhale cha maliro chija, chifukwa ndinati bodza landikwana. Adirektori anakhala kumbuyo. Ana anali atamva kale zonse, moti ena ankanong'ona kuti "mchere wa nyemba" ndikulowa.

Ndinawauza zoona. Ichi n'cha pamchenga woyera: mchere utachepa zinafufuma, nditauchulukitsa zinauma. Ichi n'cha pamatope a kumathiriro: zalandira madzi omwewo, chisanu chomwecho, taonani zikusewera. Ana anaunjikana, akugwira mphuno, akukuwa poona timinga tija tikupalasa. Ndinawafunsa chifukwa chake izi zafa izi zatsala, ndipo anayankha okha, akulimbirana. Sindinajambule chipeso chilichonse.

Kenako ndinaika botolo la kabango pa tebulo, m'madzi omaliza a apongozi. "Aliyense akhale chete. Osagwedeza tebulo."

Tinadikira. Palibe chinachitika. Wina anatsokomola. Adirektori anayang'ana wotchi. Thukuta linanditsika m'chisanu chonse chija, ndipo mumtima ndinayamba kuwerengera mitengo ya mbatata ku Tsangano, poti ndiko ndinkabwerera. Ndiye pamwamba pa kabango panaoneka kansonga. Kanabwerera. Kanatulukanso. Pang'onopang'ono ngala ija inatambasuka yonse, yofiira ndi yoyera, ikugwedezeka m'madzi.

Selina, amene mphuno yake inali pafupi kugunda botolo, ananong'ona, "Mayo ine. Ndi yamoyo." Adirektori anali atadzuka kale pampando wawo, akukankhana ndi ana kuti aone.

Madzulo ndikubwerera ndi zidebe zanga, ndinaona apongozi akubwera panjira ya kumjigo, akutsimphina ndi ndodo. Ndinapatukira m'udzu monga mwa nthawi zonse, nkhope kumbali. Rozina panalibe. Ndinamva ndodo yaima.

"Bambo a Tadala."

Aka kanali koyamba kundiitana okha chikwatirire mwana wawo. Ndinatsala pang'ono kugwetsa botolo.

"Wawa, amayi."

"Kanatuluka?"

"Kanatuluka, amayi."

"Chabwino," anatero, ndodo n'kuyambanso kugogoda.

Kontaratu inalembedwanso. AZakeyo, monga ndanena, tidakali pa chipewa. Ulendo wotsatira wa ku Beira ndinalipira ndekha, ndinabwera ndi chigubu chodzaza, ndipo m'shapa mayi wina atagogoda n'kufunsa, ndinati ndi mankhwala a mbozi za m'chimanga. Ndinachitula chonse kwa apongozi, chosathira kanthu. Akuti miyendo ikupezako bwino, ndipo ine wa biyolojiya ndimangoyankha kuti tithokoze Mulungu.

Chimene sindinauze Rozina mpaka titafika kuchipinda n'chakuti m'chikwama munalinso kabotolo kena, ka kanyama ka miyendo isanu kamene Selina anati sakhulupirira kuti kaliko. Rozina anakayang'ana, anandiyang'ana ine, kenako anapinda gombeza lathu n'kupita nalo kwa amayi ake.